Mimba imodzi, magazi osiyana: zomwe mapasa akutiphunzitsa ku Tsangano

Munthu amene adaimapo pamsika wa Tsangano Turn-off, m'mbali mwa msewu wa M1 pakati pa Ntcheu ndi Dedza, sangavomere msanga kuti mwana wochokera m'mapiri amenewa angachepe magazi m'thupi. Pamsikawu pamakhala milu ya kachewere, kabichi wa mitu ikuluikulu, karoti, anyezi ndi tomato, ndipo galimoto zopita ku Blantyre ndi Lilongwe zimanyamuka zitalemedwa ndi zokolola za alimi a kuderali.

Koma paja akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Kafukufuku wa zaumoyo wa Malawi Demographic and Health Survey wa 2015 mpaka 2016 adapeza kuti atsikana 35 mwa 100 alionse a zaka za pakati pa 15 ndi 19 m'dziko muno adali ndi vuto la kuchepa kwa magazi. Vutoli silidalambalale boma lililonse, ngakhale maboma omwe amadyetsa mizinda yathu.

Chomwe chimazunguza mitu makolo ambiri nchakuti vutoli limasankha. Ana awiri a bere limodzi, odyera mbale imodzi ndi kugona pamphasa imodzi, wina amakula wamphamvu pomwe mnzake amangokhalira chizungulire, kutopa ndi kuyera m'maso ndi m'zikhatho. Zikatere mayankho sasowa pamudzi. Ena amati nza kumtundu, akuchimuna nkumaloza chala akuchikazi. Ena amati ndi tsempho. Enanso amathamangira kwa sing'anga kukafunsa yemwe akumwa magazi a mwanayo.

Funso lakuti nchiyani chimaumba magazi a mwana, chibadwa kapena malo omwe akukulira, lidavutitsanso akatswiri a sayansi kwa zaka zoposa 100. Njira yomwe idawathandiza kwambiri kuliyankha ndi kufufuza mapasa, ndipo kafukufuku wina wotchuka kwambiri wa mtunduwu adachitikira konkuno ku Malawi.

Nchifukwa chiyani mapasa?

Mapasa alipo a mitundu iwiri. Ena amachokera m'dzira limodzi lomwe limagawika pawiri m'mimba mwa mayi. Awa ndi aja ovuta kuwasiyanitsa, amakhala onse aamuna kapena onse aakazi, ndipo majini awo, tinthu tomwe timanyamula chibadwa kuchoka kwa makolo, amakhala ofanana pafupifupi onse. Ena amachokera m'mazira awiri osiyana. Awa kufanana kwawo nkongofanana ndi kwa ana ena onse a bambo ndi mayi mmodzi, ndipo amagawana pafupifupi theka la majini omwe amasiyanitsa anthu.

Mitundu iwiri yonseyi imakulira m'nyumba imodzi. Tsono ngati mapasa a dzira limodzi akufanana kwambiri pachinthu china kuposa mmene akufananira a mazira awiri, ndiye kuti chibadwa chili ndi dzanja lalikulu pachinthucho. Ngati kufananako kuli chimodzimodzi m'mitundu yonse iwiri, ndiye kuti nkhani yagona pa chakudya, matenda ndi zina zowazungulira. Ganizo logwiritsa ntchito mapasa motere lidayamba ndi Mngelezi wina, Francis Galton, m'chaka cha 1875.

Africa ndiye kuchimake kwa mapasa. Mapasa a dzira limodzi amabadwa pamlingo wofanana padziko lonse, pafupifupi mimba 4 mwa 1,000 zilizonse, koma a mazira awiri ngochuluka kwambiri kuno kuposa kwina. Chomvetsa chisoni nchakuti kafukufuku wa Christiaan Monden ndi Jeroen Smits, yemwe adatuluka mu 2017, adaonetsa kuti m'maiko a kummwera kwa chipululu cha Sahara, mwana mmodzi mwa amapasa 5 alionse ankamwalira asanakwanitse zaka 5. Chiwerengerochi chidali chowirikiza katatu poyerekeza ndi cha ana obadwa okha.

Zomwe adapeza ku Australia

Kafukufuku wodziwika bwino wa magazi a mapasa achisodzera adachitikira mumzinda wa Brisbane m'dziko la Australia, pansi pa bungwe la Queensland Institute of Medical Research. Kuyambira mu 1992, gulu lotsogozedwa ndi Nick Martin lidayamba kuitana mapasa akakwanitsa zaka 12, kenaka 14 ndi 16, nkumawayeza zinthu zosiyanasiyana kuphatikizapo magazi.

Mu 1999, David Evans, Ian Frazer ndi Martin adatulutsa zotsatira za mabanja 392 a mapasa a zaka 12. Iwo adayeza haemoglobin, chinthu chomwe chimafiiritsa magazi ndi kunyamula mpweya wabwino m'thupi, komanso kuchuluka ndi kukula kwa maselo ofiira, maselo oyera omwe ndi asilikali a m'thupi, ndi tinthu tothandiza magazi kuundana munthu akavulala. Adapeza kuti chibadwa chimafotokoza magawo a pakati pa 61 ndi 96 mwa 100 a kusiyana komwe kudalipo pakati pa anawo. Kafukufuku wotsatira, pa mafuta a m'magazi ndi zizindikiro za kagwiridwe ntchito ka chiwindi, adaonetsanso kuti chibadwa chili ndi gawo lalikulu.

Womva ziwerengerozi mothamanga akhoza kunena kuti agogo aja adalondola, magazi nza kumtundu basi, palibe chochita. Koma apa mpofunika kudekha. Ana a ku Brisbane aja ankadya mokwanira pafupifupi onse. Malungo kulibe, likodzo kulibe, njoka za m'mimba nzosowa. Pamalo pomwe ana onse akukhuta ndipo sakudwaladwala, chotsala chowasiyanitsa ndi chibadwa basi.

Mlimi wa kachewere wa ku Tsangano sangavutike kumvetsa mfundoyi. Akabzala Rosita ndi Violet m'munda umodzi wothira bwino manyowa ndi fetereza, kusiyana kwa zokolola kumachokera ku mbewu. Koma akatenga Rosita yemweyo, wina nkubzala kudimba kwachonde, wina pamtunda poguga pomwe padagwanso chiwawu, kusiyana kwa matumba sikungakhale kwa mbewu ayi. Chiwerengero cha ku Australia chikunena za munda woyambawo. Ana ambiri a m'dziko muno akukulira m'munda wachiwiriwo.

Mapasa 317 a m'chigawo cha kummwera

Umboni wa munda wachiwiriwu udapezeka kwathu konkuno. Kumayambiriro a chaka cha 2013, magazini ya zasayansi ya Science idasindikiza zotsatira za kafukufuku yemwe adatsatira mabanja 317 a mapasa m'midzi ya m'chigawo cha kummwera, m'zaka zitatu zoyambirira za moyo wawo. Ntchitoyi idachitika mogwirizana pakati pa sukulu ya ukachenjede ya Washington University ya ku St. Louis m'dziko la America ndi College of Medicine ya ku Blantyre, yomwe kuyambira mu 2021 ili pansi pa Kamuzu University of Health Sciences. Ena mwa akatswiriwo adali Jeffrey Gordon, Michelle Smith ndi Mark Manary, dotolo wa ana yemwe amadziwika ndi chiponde chochiritsira ana onyentchera.

Theka la mabanjawo, ana onse awiri adakula bwino. M'mabanja 7 mwa 100 alionse, onse awiri adanyentchera. Koma m'mabanja 43 mwa 100 alionse, mwana mmodzi adanyentchera pomwe mnzake adali bwinobwino. Mayi mmodzi, bere limodzi, phala la mumphika umodzi, koma zotsatira zosiyana. Ndipo kukhala a dzira limodzi sikudawachititse kuti azidwalira limodzi kuposa a mazira awiri. Chibadwa chokha chidalephera kufotokoza nkhaniyi.

Ofufuzawo adaika chidwi pa matenda otupikana a kwashiorkor, aja mwana amatupa miyendo ndi nkhope, tsitsi nkufiira, omwe kumudzi kawirikawiri amawatcha tsempho. Adayeza tizilombo tosaoneka ndi maso tomwe timakhala m'matumbo a munthu aliyense ndi kuthandiza kugaya chakudya. Adapeza kuti mwa mwana wathanzi gulu la tizilomboti limakhwima pamene mwanayo akukula, koma mwa mnzake wodwalayo limakhala lopinimbira. Akampatsa chiponde zinthu zimayamba kusintha, koma akabwerera ku chakudya cha masiku onse, kusinthako kumabwerera m'mbuyo.

Pofuna kutsimikiza, adatenga tizilombo ta m'chimbudzi cha mapasa a mabanja atatu nkukatiika mwa mbewa zoleredwa mwapadera, zopanda kachilombo kalikonse m'matumbo. Mbewazo adazidyetsa chakudya cha Chimalawi, cha ufa wa chimanga ndi ndiwo zamasamba. M'mabanja awiri mwa atatuwo, mbewa zomwe zidalandira tizilombo ta mwana wodwala zidaonda kwambiri, ndipo kagayidwe ka zomanga thupi ndi zopatsa mphamvu m'matupi mwawo kadasokonekera. Zomwe zidalandira tizilombo ta mwana wathanzi sizidaonde motero. Apa padaoneka kuti chakudya choperewera chikakumana ndi matumbo osokonekera mpomwe ngozi imakula.

M'chaka chomwecho, Indi Trehan ndi anzake adatulutsa zotsatira za ana 2,767 onyentchera kwambiri a m'dziko muno, zoonetsa kuti kuwonjezera mankhwala opha mabakiteriya pa chiponde kumachepetsa imfa. Ana a m'kafukufuku wa mapasa uja lero ndi achinyamata.

Zakumtundu ziliponso

Kunena izi sikutanthauza kuti agogo adalakwitsa zonse. Matenda a magazi otengera kwa makolo alipo m'dziko muno, ndipo ngochuluka kuposa mmene ambiri amaganizira. Pa kafukufuku wa michere ya m'thupi wa Malawi Micronutrient Survey wa 2015 mpaka 2016, magazi a ana oposa 1,000 osakwana zaka 5 adayezedwanso pa zachibadwa. Zotsatira zake, zomwe zidatuluka mu 2018, zidaonetsa kuti pafupifupi mwana mmodzi mwa 10 alionse adanyamula jini imodzi ya sickle cell, ndipo ana oposa 4 mwa 10 adali ndi alpha thalassaemia, chibadwa chomwe chimachepetsa kukula kwa maselo ofiira. Ambirinso, makamaka anyamata, adapezeka ndi vuto la G6PD, lomwe limachititsa maselo ofiira kusweka munthu akamwa mankhwala ena kapena akadwala matenda ena.

Wonyamula jini imodzi ya sickle cell nthawi zambiri sadwala ndipo sadziwa nkomwe kuti ali nayo. Mwana amadwala matendawa pokhapokha akalandira jini imeneyi kuchokera kwa bambo komanso kwa mayi. Bambo ndi mayi onse akakhala onyamula, pa mimba iliyonse pamakhala mpata umodzi mwa 4 woti mwana abadwe ndi matendawa. Choncho mkangano wa akuchimuna ndi akuchikazi pa za komwe kwachokera magazi oipa ngopanda mutu, chifukwa mbali zonse ziwiri zimasonkhapo.

Chodabwitsa nchakuti ngakhale majini amenewa adachulukitsidwa ndi malo. Mu 1954, Anthony Allison, yemwe adakulira ku Kenya, adaonetsa kuti onyamula jini imodzi ya sickle cell amatetezeka ku malungo aakulu. Kwa zaka zikwizikwi udzudzu udakhala ukupha ana ambiri opanda jiniyi, onyamulawo nkumapulumuka ndi kubereka. Zomwe lero tikuzitcha zakumtundu ndi chipsera chomwe malungo adasiya m'magazi a makolo athu.

Nthaka ndi shuga zimalowa m'magazi

Kuti malo amasintha magazi, dziko lino lili ndi zitsanzo zooneka ndi maso. Mu 2001, ana 59 mwa 100 alionse osakwana zaka 5 adali operewera vitamini A. Mu 2009 chiwerengerochi chidatsika kufika pa 22, ndipo pofika 2015 mpaka 2016 chidali pa 4. Majini a Amalawi sadasinthe m'zaka 15. Zomwe zidasintha ndi timadontho ta vitamini A ta kusikelo, komanso kuthira vitaminiyu m'mafuta ophikira ndi mu shuga, ntchito yomwe pa shuga idayamba mu 2012.

Chitsanzo china ndi cha selenium, mchere womwe thupi limaufuna pang'ono pokha koma ngofunika pa chitetezo cha m'thupi ndi kagwiridwe ntchito ka chithokomiro. Katswiri wa nthaka Allan Chilimba ndi anzake adaonetsa mu 2011 kuti chimanga cha m'madera ambiri a dziko lino chili ndi selenium wochepa kwambiri kaamba ka mtundu wa dothi. Mu 2013 kafukufuku wina adayerekeza amayi a ku Zombwe m'boma la Mzimba ndi a ku Mikalango m'chigwa cha Shire, komwe kuli dothi lakuda la makande. Amayi a kuchigwa adali ndi selenium wowirikiza kawiri m'magazi. Onsewo nsima ndi yomweyo, kusiyana kudali nthaka yomwe chimangacho chidamera.

Mu 2019, kwa Wimbe m'boma la Kasungu, mabanja ena adapatsidwa ufa wa chimanga cholimidwa ndi fetereza wothira selenium, ena ufa wamba. Pasanathe miyezi itatu, selenium m'magazi a amayi ndi ana a sukulu omwe ankadya ufa woyambawo adakwera pafupifupi kawiri. Dziko la Finland lidayamba kuthira mcherewu mu fetereza wake mu 1984. Kwa dziko ngati lathu, lomwe chaka ndi chaka limaika ndalama zankhaninkhani pa fetereza wotsika mtengo, iyi ndi nkhani yoyenera kufika pa tebulo la aphungu ku Nyumba ya Malamulo.

Nanga ku Tsangano?

Tsangano ali pamwamba pa mapiri a Kirk Range, m'malire ndi dziko la Mozambique, komwe kulinso boma la dzina lomweli m'chigawo cha Tete. Kukwera kwa malowa nakonso kumalemba zake m'magazi. Kumtunda mpweya wa oxygen umalowa m'thupi mocheperapo, ndipo thupi limabwezera popanga haemoglobin wochuluka. Nchifukwa chake bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati poyeza magazi a anthu a kumapiri, woyeza azichotserako pang'ono pa nambala yomwe makina aonetsa. M'malangizo ake a 2024, kuchotseraku kumayambira pa malo okwera mamita 500 kuchokera pa nyanja yamchere.

Tanthauzo lake nlakuti mtsikana wa ku Tsangano yemwe makina aonetsa magalamu 12, mlingo womwe kumalo otsika umatengedwa kuti ngokwanira, akhoza kukhala kuti magazi ake ngochepa ndithu. Woyeza akaiwala za phiri, mwana wodwala amabwezedwa kunyumba atauzidwa kuti ali bwino.

Chachiwiri ndi mbale. Kachewere, kabichi ndi tomato zili ndi vitamini C yemwe amathandiza thupi kuyamwa ayironi, ndipo uwu ndi mwayi wa anthu a kuderali. Koma zakudyazi pazokha zilibe ayironi ndi zinki wokwanira, ndipo vitamini B12, yemwe ngofunika popanga maselo ofiira, amapezeka m'zakudya za nyama zokha monga mazira, mkaka, usipa, bonya, nkhuku ndi mbewa. Chimanga nacho chili ndi chinthu china chotchedwa phytate chomwe chimamanga ayironi ndi zinki kuti zisalowe bwino m'thupi, ndipo tiyi womwera pa chakudya amachitanso chimodzimodzi pa ayironi. Kafukufuku wa 2015 mpaka 2016 uja adapeza kuti anthu pafupifupi 6 mwa 10 alionse, ana ndi akulu omwe, adali operewera zinki. Banja likhoza kugulitsa matumba a kachewere odzaza lole, koma ngati ndalamayo siibwerera m'mbale ya ana ngati dzira kapena kansomba, magazi awo saona phindu la ulimiwo.

Chachitatu ndi msinkhu. Pa zaka za pakati pa 12 ndi 16, thupi limakula mothamanga ndipo magazi amafunika ochuluka. Mapasa a mnyamata ndi mtsikana amaonetsa bwino zomwe zimachitika apa. Ali ana, haemoglobin wawo amayendera limodzi. Akatha msinkhu, wa mnyamata amakwera kaamba ka mphamvu zachimuna za m'thupi, pomwe mtsikana amayamba kutaya magazi mwezi ndi mwezi. Pakabwera mimba yaubwana, vuto limakula. Mu 2015 mpaka 2016, atsikana 29 mwa 100 alionse a zaka 15 mpaka 19 m'dziko muno adali atabereka kale kapena ali oyembekezera. Thupi lomwe likukulabe limakakamizika kugawana ayironi wake wochepayo ndi khanda.

Chachinayi ndi matenda. Kumalo ozizira udzudzu suchuluka ngati kuchigwa cha Bwanje kapena m'mbali mwa nyanja, koma anthu amayenda, kukachita geni ndi kukaona abale, ndipo malungo, likodzo ndi njoka za m'mimba zimadya magazi mwakachetechete. Mapasa awiri a dzira limodzi, wina akamagona m'masikito wina ayi, wina akamavala nsapato kudimba wina ayi, magazi awo sangafanane.

Piritsi limodzi silingathe zonse

M'zaka zapitazi unduna wa zaumoyo, mothandizidwa ndi bungwe la UNICEF, udayambitsa m'maboma ena ndondomeko yopereka piritsi la ayironi ndi folic acid kamodzi pasabata kwa atsikana achisodzera kudzera m'sukulu. Izi zikugwirizana ndi malangizo a WHO a 2011 okhudza madera omwe amayi 20 kapena kuposerapo mwa 100 alionse ngochepa magazi. Ndondomekoyi njabwino, makamaka kwa atsikana omwe adayamba kusamba.

Ngakhale zili choncho, ziwerengero za dziko lino zikuchenjeza kuti ayironi si yankho la aliyense. Pakati pa ana a msinkhu wa sukulu, kafukufuku wa 2015 mpaka 2016 adapeza kuti pafupifupi mmodzi mwa 5 adali wochepa magazi, koma operewera ayironi adali pafupifupi mmodzi mwa 20. Ena onsewo vuto lawo lidachokera kwina.

Izi zidaonekanso mu 2008 pomwe Job Calis ndi anzake adatulutsa zotsatira za ana 381 omwe adafika ndi magazi otsikitsitsa pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre ndi cha Chikwawa. Zomwe zidapezeka kuti zikuyendera limodzi ndi vutolo ndi mabakiteriya m'magazi, malungo, njoka za m'mimba, HIV, kuperewera kwa vitamini A ndi B12, komanso chibadwa cha G6PD. Kuperewera kwa ayironi kudali kochepa mwa ana odwalitsitsawo poyerekeza ndi anzawo. Mndandandawu ukusakaniza zachibadwa ndi zamalo, ndipo mwana mmodzi amatha kukhala ndi zingapo nthawi imodzi.

Apa mpomwe pagona nkhani. Mwana wa thalassaemia sangachire ndi ayironi ngakhale amwe chaka chathunthu. Wa njoka za m'mimba akufunika mankhwala a njoka. Wa sickle cell akufunika chisamaliro cha moyo wonse, kuphatikizapo mankhwala a hydroxyurea omwe amachepetsa ululu ndi kuikidwa magazi pafupipafupi. Onsewa pamaso amaoneka chimodzimodzi, oyera m'zikhatho ndi otopa. Chowasiyanitsa ndi kuyeza basi.

Kuyezako kukuvuta

Kuyeza kumafuna zipangizo, ogwira ntchito ndi msewu. Chitsanzo chabwino chili pafupi ndi Tsangano pomwepo. M'boma la Neno, bungwe la Abwenzi Pa Za Umoyo, lomwe lakhala likugwira ntchito ndi boma kumeneko kuyambira mu 2007, lidatsekula mu 2018 makiliniki a matenda aakulu osapatsirana pa chipatala cha Neno ndi cha Lisungwi, komwe odwala sickle cell ndi ena amathandizidwa osapita ku Blantyre. Izi zidaonetsa kuti chithandizo chotere nchotheka ngakhale kumidzi ya kumapiri. Koma ntchito yoika phula pamsewu wa Tsangano, Neno mpaka Mwanza yatenga zaka zambiri, ndipo msewu woipa umene umaoletsa kachewere ndi womwewo umachedwetsa wodwala.

Ndalama nazo zavuta. Kafukufuku wa Demographic and Health Survey, yemwe wakhala akutiuza kuchuluka kwa ochepa magazi, ankadalira kwambiri bungwe la USAID, lomwe boma la America lidalitseka mu 2025. Izi zidachitika dziko lino likuchokera m'chilala cha El Niño, chomwe chidachititsa mtsogoleri wa dziko wa nthawiyo, Lazarus Chakwera, kulengeza pa 23 March 2024 kuti maboma 23 mwa 28 ali pangozi. Anthu pafupifupi 5.7 miliyoni adayembekezeka kusowa chakudya m'miyezi ya njala yotsatira. Pa nthawi ngati imeneyi, ndiwo za nyama ndizo zimayamba kusowa m'mbale, ndipo magazi a ana ndiwo amalipira.

Chopinga china ndi mantha. Mphekesera za anamapopa zidavuta m'dziko muno mu 2002 ndipo zidabukanso mu 2017 m'maboma a Mulanje, Phalombe ndi Thyolo, komwe anthu angapo adaphedwa popanda mlandu. Pomwe pali mphekesera zotere, mlangizi wa zaumoyo wonyamula kasingano kobayira pachala amaoneka ngati mdani. Ofufuza a ku Kasungu aja adayenera kuyamba akhala pansi ndi mafumu ndi anthu a m'midzi, kudya nawo nsima ya ufa womwewo, anthu asanavomere kupereka magazi. Mafumu, atsogoleri a mipingo, aphunzitsi ndi anamkungwi ali ndi gawo lalikulu pofotokozera anthu kuti dontho limodzi la pachala silipita kwa mfiti koma pa makina.

Zomwe mapasa atiuza

Mapasa a ku Brisbane adaonetsa kuti mwana aliyense amabadwa ndi muyezo wakewake wa magazi, ndipo makolo asadabwe ana awo akamasiyana pang'ono. Mapasa a kummwera kwa Malawi adaonetsa kuti pomwe pali njala ndi matenda, ngakhale ana a dzira limodzi amatha kupatukana njira, wina kuchira wina kufooka. Ziwirizi sizikutsutsana. Chibadwa chimaika malire, koma ana ambiri a m'dziko muno sadafike nkomwe pamalire awowo chifukwa mbale, nthaka ndi tizilombo zikuwabweza panjira.

Gawo lalikulu la vutoli lili m'manja mwa anthu. Boma likhoza kuonetsetsa kuti zipatala zazing'ono za kumapiri zili ndi makina oyezera magazi ndi zoyezera sickle cell, ndi kuti oyezawo akudziwa zochotsera kaamba ka kukwera kwa malo. Sukulu zikhoza kuphatikiza piritsi la ayironi ndi mankhwala a njoka za m'mimba ndi likodzo. Banja likhoza kupatula ya mazira ndi usipa pa ndalama ya kachewere, kugoneka ana m'masikito, ndi kusunga mtsikana pasukulu mpaka thupi lake litakhwima.

Ndipo kholo la mapasa ku Tsangano likaona kuti mmodzi wayamba kutsalira pokwera chitunda popita kusukulu, kupuma mwawefuwefu mnzake ali patsogolo, lisayambe ndi kufufuza mtundu wa apongozi kapena kuloza nkhalamba ya pamudzi. Liwatenge onse awiri kupita nawo kuchipatala, akabayidwe pachala, chifukwa chomwe chafooketsa mmodziyo chikhoza kukhala kuti chili kale m'njira kupita kwa mnzakeyo.